Mphira ya M'chiuno

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene agogo anga aamuna anandimenya koyamba ndi komaliza. Dzanja langa linali litathyoka kale, koma iwo sanasamale.

Tinkakhala ku Chilomoni, m'mbali mwa msewu wotsetsereka wochokera kuphiri. Ine ndi mnzanga Yohane tinakhoma kangolo ka matabwa, matayala ake mabeling'i akutha otola kugalaja. Kanalibe mabuleki. Chiwongolero chinali chingwe. Tinkakatcha galimoto ya mpikisano chifukwa cha nkhani za agogo.

Agogo anapita ku Joni ali mnyamata, nkhondo yachiwiri itangotha. Bwana wawo ankakonda mipikisano ya magalimoto, ndipo tsiku la mpikisano ankawatuma kukayala mitolo ya udzu m'makona. Ankati kunalibe bwalo lapadera. Ankangotseka msewu wamba, momwe dzulo lake munkadutsa mabasi ndi ngolo za mkaka, mitengo ndi mapolo a magetsi zili chiimire m'mbali. Magalimotowo anali aatali ngati botolo, mpando umodzi, matayala opyapyala. Akadutsa ankasiya fungo la mafuta a nsatsi opserera. Woyendetsa ankavala kachipewa kachikopa, magalasi ndi malaya a manja aafupi, basi, thanki ya petulo itamutsamira kumsana.

Ine ndinkangomvapo za liwiro. Zinazo sindinkazitola.

Loweruka lina anyamata a kumsika anabwera ndi kangolo kawo kudzatiyesa. Pakona ya pafupi ndi chigayo ndinkakonda kugwa, ndiye ndinadula mphira ya chubu n'kudzimangirira m'chiuno kuthabwa. Ndinakoka mfundo mpaka mimba kuwawa. Yohane anakhala kumbuyo kwanga.

"Wadzimanga ngati mbuzi yopita kumsika," anandiseka.

"Ukagwa usandilirire," ndinamuyankha.

Tinatsetsereka. Mabeling'i ankalira pa tala mpaka mano kuchita dzanzi, ndipo anyamata aja tinawasiya kutali. Tikuyandikira chigayo, lole ya mchenga inatulukira ikubwerera chambuyo. Yohane anadziponya m'udzu. Ine ndinakoka chingwe, kangolo kanatembenuzika n'kunditenga. Kanandikhwekhwereza mpaka m'ngalande, ine pansi, iko pamwamba. Yohane anadzuka ndi kachilonda pabondo.

Agogo anafika anthu akundivuula. Anayang'ana dzanja, kenako anaona mphira ija. Anaidula ndi mpeni wawo n'kundikwapula nayo m'miyendo, amayi anga akukuwa kuti, "Bambo, mwanayu wavulala kale!"

"Sindikukumenyera kuthamanga ayi," anatero agogo, akunjenjemera. "Wakuuza ndani kudzimangirira?"

Titabwerako kuchipatala, dzanja lili m'chikhakha, anandiuza chimene ankadumpha m'nkhani zawo. Oyendetsa aja sankamanga lamba, ndipo sikunali kupusa. Ankadziwa kuti galimoto ikagunda imayaka, ndiye bola ikulavule ukathyoke mafupa pamsewu. Koma mmodzi chitsulo chinamupana mwendo, pakona yomwe agogo anayalapo udzu. Udzuwo nawonso unagwira moto. Agogo anaima ndi ndowa imene madzi anali atatha, akumumva munthuyo akuitana, magalimoto ena akudutsabe m'utsi. Mpikisano sunaime.

"Chinthu chothamanga usamadzimangirire nacho," anatero. "Uzikhalapo ngati mlendo."

Sukulu ndinaisiyira Fomu 2. Musandifunse chifukwa, ndatopa nalo funsolo. Agogo anamwalira, ine ndinabwera ku Dubai kudzayendetsa njinga yamoto yoperekera zakudya. Tsiku lofika, a kampani anatenga pasipoti yanga, ati aisunge bwino. Ndinapereka ndi manja awiri, n'kunenanso shukran, zikomo wa kuno.

Kenako kunabwera korona. Anthu anadzitsekera m'nyumba, ndege zinaima, misewu inatsala yathu. Kuchokera ku Karama, kumene timagona mothithikana m'chipinda chimodzi, mpaka ku Downtown, msewu unali mbee ngati autsekera mpikisano. Foni ikuwerenga mphindi, masiki yanyowa thukuta m'kati mwa helemeti. Ukachedwa pang'ono, supavaiza aimba: "Yalla, yalla! Fulumira!"

Mabvuto, mnyamata wa ku Chipata amene ankagona bedi ya pamwamba panga, ankakondwera nazo. "Mwana, manje ndiye tili madalaivala a zoona," ankatero akuvala magulovu. "Iwe uyenda monga agogo ako."

"Agogo anga anafa ndi ukalamba," ndinkamuyankha.

Mabvuto anagunda chitsulo cha m'mbali mwa msewu pakona ina ku Al Nahda, masana dzuwa likuswa mtengo. Anafera pomwepo. Maoda ake otsala anandipatsa ine, ndipo ndinakapereka. Mayi wina anadandaula kuti chakudya chazizira.

M'mawa mwake ndinapita ku ofesi kukapempha pasipoti. Supavaiza sanadzutse n'komwe mutu.

"Khalas, habibi. Basi zatha, mnzanga. Ndege kulibe. Upita kuti?"

Ankanena zoona, ndipo n'chimene chinandiwawa kwambiri.

Tsopano ndikumvetsa chifukwa chake agogo ankanjenjemera tsiku lija. M'ngalande muja sankaona ine, ankaona munthu wa pakona uja. Ankaganiza kuti mphira imaoneka ndi maso, kuti munthu angathe kuidula. Yanga ya kuno sioneka, ndipo palibe amene akubwera ndi mpeni. Pabedi ya Mabvuto ayikapo kale wina. Mawa ndikweranso njinga.