Maliro Abodza pa Tsamba la Jeke

Lachiwiri, pa 21 Meyi 2024, munthu wina m'kalabu ya alimi a fodya ya Tiyese, kufupi ndi Kaluluma, analengeza maliro popanda womwalira. Sanaimbe belu, sanatume mthenga. Anangodina batani pa tsamba la pa intaneti limene anapanga mayi Ezelina Mwale, ndipo tsiku loti mayiwo adinde mabelo awo linakankhidwira kutsogolo.

Kuti mumvetse kukula kwa chipongwechi, muyambe mwawadziwa mayiwa.

AEzelina ndi mlimi wa fodya wa bale, wa zaka 43, ndipo sukulu analekezera Fomu 2. Kalabu yawo ili ndi mabanja 26 koma jeke, chitsulo chodindira fodya m'mabelo, ndi imodzi yokha. Kwa zaka zambiri mzere unkasungidwa ndi miyala: wofuna jeke ankaika mwala wake pakhonde la shedi. Koma miyala ya amayi inali ndi miyendo. Ukauika wachitatu, pobwera kudimba unkaupeza wachisanu ndi chinayi. Mu 2019 mwala wa aEzelina unasoweratu, ndipo mpaka lero palibe anapepesa.

Mu 2022 mlamu wawo, mphunzitsi Jane, anawasiyira laputopu yakale yosweka pakona, n'kuwaonetsa maphunziro aulere a kapangidwe ka masamba a pa intaneti. Netiweki inkagwira pachulu chakuseri kwa chigafa pokha. AEzelina ankakwera pamenepo kukatenga mavidiyo, n'kumaonera masana akamaliza kusankha fodya, zala zikadali zakuda ndi utomoni. Chingerezi cha m'mavidiyomo chinkathamanga ngati njinga yopanda mabuleki, koma iwo ankangobwereza, ngakhale kakhumi. Tsiku limene analemba timizere titatu ta HTML, chilankhulo chopangira masamba a pa intaneti, dzina lawo n'kutulukira pagalasi la laputopu m'zilembo zofiira, anaimba nthungululu mpaka nkhuku zinabalalika.

Amuna awo, aSankhani, anabwera akuthamanga. "Kodi amake Lonjezo, kwagwanji?"

"Ndauza kompyuta ndipo yamvera pompo! Inu za denga la chigafa ndinakuuzani chaka chatha."

Kenako anaphunzira JavaScript, imene imapatsa mabatani mphamvu. Anapanga kalendala ya jeke: munthu asankhe tsiku, alembe dzina, ndipo tsikulo litsekeke. Atamaliza anathamangira kugolosale ya mnzawo Sabiha.

"Tsegulani foni, achemwali, lembani adiresi iyi!"

Sabiha analemba. Palibe chinatuluka. Analembanso. Zii.

"Iwe Ezelina, kapena chinthu chako chimachita manyazi ndi anthu?"

Apa m'pamene aEzelina anazindikira kuti tsambalo linali m'laputopu mwawo mokha, ngati fodya wa m'chigafa amene wogula sanamuone. Panafunika kulikweza pa seva, kompyuta yakutali yosazima, kuti foni iliyonse ilipeze. Milungu itatu inatha akulimbana nazo, kulakwitsa apa, kufufuta apo. Tsiku limene kalendala inatseguka pa foni ya Sabiha, amayi awiriwo anavina pakati pa matumba a mchere, ogula ali kukamwa yasa.

M'nyengo ya 2023 miyala inatayidwa kutchire. Amene analibe foni yaikulu ankalembetsa kwa anzawo. Zinthu zinayenda, mpaka m'mudzi munagwa maliro. Kuno maliro akagwa palibe amagwira khasu, ngakhale jeke imagona. Tsamba silinkadziwa zimenezi, ndipo aphunzitsi a m'mavidiyo aja sanatchulepo maliro ngakhale kamodzi. Titaika m'manda, mabanja atatu anakumana pa shedi m'mawa umodzi, aliyense akuti tsiku ndi lake. AEzelina sanakhumudwe. Maso awo anawala, poti anapeza chinthu choti palibe akanawaphunzitsa. Anawonjezera batani la maliro: likadinidwa, uthenga umaoneka kwa onse, ndipo mzere wonse umasuntha masiku awiri, wina osadumpha mnzake. Mawu achinsinsi otsegulira batanilo anawapereka kwa akuluakulu atatu a komiti: wapampando, mlembi ndi msungichuma.

Ndilo batani linadinidwa Lachiwiri lija. Amayi anasiya madengu m'njira, kumafunsana kuti watisiya ndani. Wina anafika mpaka kwa aSamsoni, amene akhala akudwala kuyambira dzinja, n'kuwapeza akuwotha dzuwa pakhonde. Tangoganizani manyazi ake! Pamene anthu ankafufuza womwalira, jeke inatuluka m'shedi. Inabwerera Lachinayi, ili ndi zinyenyeswa za fodya watsopano. Lole yopita kumsika wa fodya wa ku Chinkhoma inanyamuka popanda mabelo a aEzelina, ndipo fodya wawo, amene anali atafewa bwino, anauma ndi mphepo n'kuyamba kufumbutuka.

Loweruka kunali msonkhano. Ena anati tsambalo lithe, abwerere ku miyala, poti mwala sulengeza maliro. Ntchito ya zaka ziwiri inali pafupi kutayidwa chifukwa cha chala cha munthu mmodzi. AEzelina anaimirira, laputopu ili m'manja.

"Bambo wapampando, cholakwa china n'changa. Ndinapanga chitseko, osaganiza zoti chidziwe amene walowa. Koma taonani ndachita chiyani kuyambira Lachitatu."

Anatembenuza galasi kuti onse aone. Tsopano batani limafuna dzina la womwalira ndi mudzi wake. Silimvera munthu mmodzi, mpaka wachiwiri avomereze. Ndipo maina a odinawo amaonekera pa foni ya aliyense.

"Ndiye kuti wonama adzayenera kupha munthu ndi dzina lomwe?" anafunsa aSamsoni. "Chonde musayambirenso ine."

Anthu anaseka mpaka misozi. Pokweza manja, mabanja 22 anati tsamba likhale. AEzelina anabwerera kunyumba akukamba kale za chinthu china, choti alimi azilembetserapo malo pa lole.

Tsamba lapulumuka, koma mlandu sunathe. Mawu achinsinsi anali ndi anthu atatu, ndipo onse atatu anakhala pamsonkhano paja akuyang'ana nsapato zawo. Inu wapampando, inu mlembi, inu msungichuma: ndani mwa inu anadina batani lija, ndipo jeke inagona kwa yani masiku awiri aja? Yankhani pamaso pa kalabu yonse, msonkhano wa Juni usanathe.