Dzina la Mwana Amene Ananena Vesi

Anandipeza ndikukumba mbatatesi kuseri kwa nyumba, Lolemba m'mawa, mwezi wa Juni. Anali anyamata awiri a chipani ndi wapolisi. Wapolisiyo anati, "Mayi, sambani m'manja, akukufunani ku Boma." Ndinapempha kuti nditenge juzi, iwo anati sindikachedwa.

Mlandu wake unali wa dzulo lake. Ndinkaphunzitsa Sande sukulu pa tchalitchi chathu, kufupi ndi Mayani. Mwambo wathu unali wakuti ulaliki usanayambe, mwana mmodzi aziima kutsogolo n'kunena pamtima vesi la sabata imeneyo. Ine mwana wolankhulira m'mphuno sindinkamulekerera. Ndinkawauza kuti azikuwa mpaka agogo ogontha akumbuyo amve. Lamulungu limenelo vesi linali la m'Masalimo, lotichenjeza kuti tisadalire mafumu, pakuti nawonso mpweya umawathera n'kubwerera kudothi. Kamtsikana ka m'kalasi mwanga kamene kananena vesilo kanakuwadi monga ndinakaphunzitsira. Pabenchi yakutsogolo panali mlendo, wapampando wa chipani wochokera dera lina. Masiku amenewo kunena kuti wolamulira adzafa kunali kudziputira ndende.

Mkulu wofunsa milandu anali munthu waulemu, mpaka anandipatsa mpando. Ankafuna dzina la mwanayo ndi la bambo ake basi. Mlendo uja sankamudziwa mwanayo, ndipo akulu a mpingo onse anali ataiwala mwadzidzidzi. Bambo akewo anali mphunzitsi wa sukulu ya boma, mkazi wodwaladwala, ana mbwee. Ndinkadziwa kuti ndikangowatchula, nyumba imeneyo yatha.

"Vesi ndinasankha ndine," ndinatero.

"Tikudziwa, mayi. Koma mwana sakuwa choncho ngati kwawo sanamve kanthu."

Ndinawauza kuti dzinalo ndikulidziwa ndithu, koma sindilitchula. Anachotsa mpando uja n'kuitana anyamata aja. Za m'chipindamo sindilemba. Khutu langa lakumanzere silimva mpaka lero.

Kuzizira kwa Dedza amakudziwa ndi amene anagonapo pasimenti wopanda chofunda. Amayi ena olondera akamatsegula chitseko m'mawa ankandiuza motsitsa mawu, "Iwe, dzina limodzi lokha, lero lomwe ukagona kwanu." Mantha ndinali nawo, ndisaname. Masiku ena dzinalo linkafika pakamwa penipeni, ndipo ndinkaluma nsalu yanga kuti lisatuluke.

Ananditulutsa mvula yoyamba itagwa, osapita nane kubwalo. Anangoti, "Pitani, koma ana musawayandikirenso." Ndinapeza mbatatesi itawolera m'munda. Aphunzitsi aja akandiona pamsewu ankakhotera kwina, ndipo anamwalira atapuma pantchito, osanenapo zikomo. Zinandipweteka kwambiri, ngakhale ndikudziwa kuti anali mantha.

Lero anthu amatukwana atsogoleri m'minibasi, palibe amene amatembenuka. Ndimakondwera nazo. Koma ufulu umene ndimaudziwa ine ndi wochepa kuposa umenewo: banja lija linagona m'nyumba mwawo masiku onse amene ine ndinali m'selo.

Kamtsikana kaja ndi mayi wa zidzukulu tsopano, amagulitsa kabichi pamsika. Kwawo sanamuuze, inenso sindinamuuze. Amangodziwa kuti nthawi ina ndinasowa. Mwezi wathawu anandionetsa kwa anzake, akuseka: "Awa anali aphunzitsi athu a Sande sukulu. Ukali wake! Sankatimvera chisoni n'komwe."

Ndinamuuza kuti akunena zoona.