Nkhope ya Yakobo pa thumba la ufa

Ndikukumbukira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, ndikukhala ku Nkholongue ndi azakhali anga, a Edina, omwe tinkangowaitana kuti atitiya. Palibe anawaphunzitsa kujambula. Ankaphwasula matumba a ufa ansalu, n'kujambulapo ndi khala, kenako n'kutsatira mizereyo ndi singano ndi ulusi wosolola ku zitenje zakutha. Nsomba, ngalawa, nsalu ya paguwa la kutchalitchi, zonse zinkatuluka m'manja mwawo. Koma maso awo anali atayamba kuchita nkhungu.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Yakobo, anagwidwa ndi asilikali nthawi ya nkhondo, iwo asanathawire ku Malawi, kumene anakhala mpaka nkhondo itatha. Sanabwerenso, ndipo chithunzi chake panalibe. Miyezi itatu atitiya analimbana ndi nkhope yake pa thumba la ufa, kujambula, kufufuta, kuyambanso. Tsiku lina ndinawamva akulankhula okha pakhonde: "Ndi uyu. Wabwera." Anapinda nsaluyo n'kuiika pamwamba pa dengu, kudikira kuti apeze ulusi wakuda.

Loweruka m'mawa ndinasonkhanitsa zochapa. Ndinali mwana wokonda kuyamikiridwa, wosadziwa kufunsa. Ndinangoona nsalu yothimbirira ndi makala padengu paja, n'kuitenga osaitambasula n'komwe. Kunyanja ndinaipaka sopo, n'kuimenya pamwala mpaka madzi akuda anatha. Ndinabwerera kunyumba ndikudzimva.

Atitiya anaipeza pachingwe, yoyera mbee. Anaipapasa, n'kuiyandikiza kumaso.

"Lusiya, wachapa ndi sabau?" anafunsa, kutanthauza sopo.

"Inde, atitiya. Yayera."

"Yayeradi, mwanangu."

Sanandimenye. Bola akanandimenya, ndikanalira n'kuiwala. Anatenganso khala, nayesa masabata ambiri, koma nkhope iliyonse inkatuluka ya mlendo. "Uyu si wanga," ankatero, n'kufufuta ndi chikhatho. Mvula isanagwe, maso awo anatsekekeratu. Nsalu yoyerayo sanaijambulenso. Ankangoisisita pamiyendo, ndipo atamwalira tinawaika nayo m'manda, monga anapempha.

Lero ndimadya za singano ndi khala, ntchito imene ndinaiphunzira poonera iwo. Mzere umene ndajambula sindiulola kudikira ulusi mpaka mawa, ndipo chinthu cha mwini sindichigwira ndisanafunse, ngakhale chioneke chakuda bwanji. Ndimamvabe chisoni. Ndikumvetsa tsopano kuti atitiya analandidwa Yakobo kawiri. Koyamba anali asilikali ndi mfuti. Kachiwiri ndinali ine, ndi sopo, ndikuyembekezera kuti andithokoze.