Mzinga wa Loweruka

Mzinga unalira teni koloko itadutsa, mawindo n'kunjenjemera. Loretta Tackett anali atangomugoneka mwana, koma sanathamangire kwa mwanayo. Anathamangira kukhitchini. Mwamuna wake Wade anali atakhala pansi, msana pa filiji, manja m'makutu.

"Ndi mpira chabe, Wade. Agoletsa."

"Ndikudziwa," anatero Wade. Kudziwako sikunkathandiza kanthu. Chibwerereni kuchokera kunkhondo, thupi lake silinkamva zonena.

Kusukulu ya asilikali ya pamtunda paja, timu yawo ikagoletsa amawomba mzinga. Zaka zonsezi timuyo inali yofooka, mzinga unkalira kamodzi, kawiri, anthu n'kugona. Chaka chino ndiye yadzuka. Loweruka lathali unalira kasanu ndi kawiri, ndipo ulendo wachitatu Wade anali atanyamula mwana wawo Junie. Anadzigwetsa naye pansi, kumuphimba ndi chifuwa. Mwanayo sanavulale, koma kuyambira tsikulo Loretta samulola kumunyamula Loweruka, ndipo Wade waona.

Loretta amagwira ntchito kochapira zovala kusukulu komweko. Majezi amatope aja amadutsa m'manja mwake Lolemba lililonse.

"Nkhope yamaliroyo bwanji, mtsikana iwe?" anamufunsa Mayi Odessa, amene wapinda majezi zaka makumi awiri. "Anyamata athu akuwina."

"Aziwina mwakachetechete."

"Tamumvani uyu. Ukufuna tizigoletsa monong'ona?"

Lachitatu Loretta analimba mtima n'kupita kwa mkulu woyang'anira masewero. Mkuluyo anamvetsera bwinobwino, chipewa m'manja. Atamva kuti Wade anapita kunkhondo, nkhope yake inawala.

"Mayi, mzingawo unayamba kulira agogo anu asanabadwe, sitingauletse. Koma munthu ngati amuna anuwo timamulemekeza." Anatsegula dirowa n'kumupatsa matikiti awiri. Mipando ya kutsogolo, pafupi ndi mzinga weniweniwo.

Loretta anathokoza. Akanatani?

Tsopano, kukhitchini kuja, anakhala pansi pafupi ndi Wade, kudikira kuti uliranso. Pa filiji panali pepala la masewero: atatu apakhomo atsala. Mchemwali wake wa Loretta amakhala kuseri kwa phiri, ulendo wa ola limodzi, m'nyumba ya chipinda chimodzi ndi agalu awiri. Kumeneko kumangomveka mathiraki.

Matikitiwo Loretta akampatsa Odessa Lolemba. Loweruka likubwerali, dzuwa lisanapendeke, akweza Wade ndi Junie m'galimoto, ulendo wa kwa mchemwali wake uja. Akafika, mwanayo amupereka m'manja mwa bambo wake.