Pamene Amaima Bulu wa a Cosmas

Mayi Maness a ku Mlangeni sankakhulupirira kuti nyama imaganiza. Wailesi itanena kuti ophunzira apeza zoti bulu saiwala njira, iwo anangoseka, amvekere, "Bulu ndi bulu basi."

Amuna awo, a Cosmas, anagula bulu ndi ngolo atabwerako ku migodi ya ku Joni, ndipo buluyo anamutcha Joni. Kwa zaka zambiri ankapita okha ku Lizulu kukagulitsa kachewere. Anali munthu wofatsa, wosajomba kutchalitchi. Atamwalira, ntchitoyo inagwera mayi Maness.

Ulendo woyamba, atatsala pang'ono kufika pamsika, Joni anapatuka yekha n'kukaima pakhomo pa nyumba ina yamalata. Mayi Maness anamukoka chingwe, anamukwapula, koma iye anangoimika makutu, maso ali pachitseko.

M'nyumbamo munatuluka mayi wina atanyamula madeya m'beseni. Anamusisita buluyo pamphumi, nati, "Joni, wasowatu iwe!" Atakweza maso n'kuona amene anali pangolo, nkhope inagwa.

"Pepani mayi, kodi eni ake ali kuti?"

"Tinaika mwezi watha. Nanga inu ndinu ndani?"

Mayiyo anangokhala pansi pomwepo, manja kumutu.

Mpaka lero mayi Maness sanafunsenso. Sakudziwa ngati amuna awo ankangodyetserapo bulu pamenepo, kapena nyumbayo inali yawonso. Tsiku la msika Joni amaimapobe, madeya amatuluka, amayi awiriwo amapatsana moni. Koma buluyo akawayang'ana mayi Maness m'maso, iwo ndi amene amayamba kuyang'ana kumbali.