Kamwana ka m'khosi mwa amayi

Chitenje changa chanyowa ndi mvula lero, ndipo fungo lake landibweretsera amayi anga, ee, amayi anga a ku Chilwa.

Iwo ankamva kutentha ngakhale nyengo yachisanu. Ankaviika chitenje m'nyanja n'kuchifunda chonyowa, n'kumayanika matemba manja akunjenjemera. Kudya ankadya ngati msodzi, koma kuwonda ngati bango. Anzawo akamapita kukavina nyimbo za chipani, iwo ankatsala, mtima ukuthamanga ali chikhalire. Khosi lokha ndi limene linkanenepa.

Ine ndinkadziwa kuti mzimayi akatupa, kumabwera mwana. Ndiye ndinkagunditsa khutu pakhosipo, n'kumamva kanthu kakugunda, kakuvina m'katimo.

"Amayi, kamwanaka katuluka liti?"

"Iwe, choka apa, ukundiwonjezera thukuta," ankatero akuseka.

Ndinkakaimbira ndithu, mpaka ndinakalukira kamkeka kogonapo.

Tsiku lina ababa anawakweza panjinga mpaka padoko la Kachulu, n'kukwera nawo galimoto ya nsomba kupita kuchipatala ku Zomba. Anakhalitsako. Pobwera anali ndi timapilitsi toyera, tomwa m'mawa uliwonse. Adokotala anati ndi chithokomiro, thupi kumadzimenya lokha. Pang'onopang'ono manja anadekha, tulo tinabwerera, khosi linayamba kuphwa.

Ine kulira. "Mng'ono wanga mwamusiya kuti?"

Amayi anandikumbatira, thupi lawo likuzizira bwino ngati madzi a mumtsuko.

Ndinalirira mwana amene kunalibe, osadziwa kuti amene akanatsala ku Zomba ndi amayi angawo, koma anabwera, anabwera, anakalamba mpaka kubereka zidzukulu kumbuyo.