Malo Ouma Kuseri kwa Sitolo ya Mankhwala

Mai Tsache asesa misewu itatu yomweyo kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri, moti dzina lawo lenileni linangotsala pa khadi la kuntchito. Ndi mayi wamfupi, wopereka moni ngati akukalipa, ndipo tsache amamanga okha, poti la khonsolo amati limangokanda pansi.

Pa ntchito ali ndi lamulo limodzi: munthu wogona pakhonde sathiridwa fumbi. Amamulambalala, n'kudzabwereranso akadzuka. N'chifukwa chake ankadziwa aliyense wogona panja m'dera lawolo, wotsokomola, wogona ndi nsapato, ngakhale wobwebweta kutulo.

Chaka china khonsolo ya mzinda inagwirizana ndi ofufuza a ku yunivesite. Nyumba ina yakale inali kukonzedwa, ndipo zipinda zake zinali za okhawo amene alembedwa mu kompyuta. Ofufuzawo ankayenda ndi matabuleti. Akapeza munthu ali pa katoni lake ankadina, kadontho kofiira n'kuonekera pa mapu. Wopanda kadontho analibe chipinda.

Vuto linali a Tayi, mkulu wina amene kale ankakonza mawotchi maso asanafooke. Zaka zisanu ndi chimodzi anagona kuseri kwa sitolo ya mankhwala, koma kunja kukangoyera ankapinda katoni, kulibisa, kusukusula pampopi, kumanga tayi, n'kukakhala pabenchi podikirira basi ngati bwana amene dalaivala wamuchedwetsa. Ofufuza akafika seveni koloko ankawapatsa moni mwaulemu, ena mpaka kuwafunsa njira.

"Bambo, mvula ili pafupi, ndipo chifuwa chanucho ndikumachimva," anatero Mai Tsache. "Kalembetseni."

"Mlongo wanga, ine pano ndangokhala kwa kanthawi. Alembe ovutika."

"Kanthawi ka zaka sikisi?"

A Tayi anangokonza tayi n'kuyang'ana kumene kumachokera basi. Mai Tsache anapsa mtima, koma kwenikweni anali ndi mantha, chifukwa mvula ya chaka chatha inatsala pang'ono kuwatenga mkuluyo.

Kutatsala masiku anayi kuti kalembera atsekedwe, anaimitsa mtsogoleri wa ofufuzawo, mayi wa magalasi amene iwo ankamutcha a Manambala.

"Mapu anuwo ndi okongola, koma ndi akhungu," anatero, tsache lili pa phewa.

"Amayi, msewu uno tayendamo katatu."

"Nthawi ya mabwana! Mawa mubwere nthawi ya tsache."

A Manambala anali munthu wosanyada. M'mawa mwake anafika kukungoyera kumene, maso ali ofiira, nsapato za masewera kuphazi. Mai Tsache anawatengera kuseri kwa sitolo ya mankhwala. A Tayi anali atachoka kale, koma simenti yonse inali yonyowa ndi mame kupatula malo amodzi, ouma gwa, aatali ngati chitseko.

"Munthu amanama, koma mame sanama," anatero Mai Tsache. "Apa pagona munthu."

Anayenda misewu itatu yonse, napeza malo ouma khumi ndi amodzi, onse a anthu amanyazi odzuka m'mamawa. A Manambala anagwira mutu n'kuseka mpaka kuvula magalasi. Tsiku lomwelo anapempha khonsolo kuti osesa onse apatsidwe mafoni, azidina okha. Mai Tsache ankadina ngati akupha nsikidzi, moti tsiku loyamba anaika madontho asanu ndi awiri pa munthu mmodzi.

Koma kadontho sikakwana popanda mwiniwake kuvomera, ndipo a Tayi anakana kwamtuwagalu. A Manambala anawafotokozera za chipinda, za madzi, za dokotala wobwera Lachitatu lililonse. Mkuluyo anathokoza bwinobwino, nati zimenezo n'zabwino kwa anthu ofunika thandizo.

Tsiku lomaliza Mai Tsache anakhala pabenchi paja pafupi ndi a Tayi, atagwira msana.

"Achimwene, ine ndakula. Zaka sikisi ndakhala ndikusesa kuseri uko kawiri chifukwa cha inu: ndifike muli mtulo, ndilambalale, ndikafike kumapeto kwa msewu, ndibwererenso. Msanawu watha. Simungandichitire chifundo?"



"Bwanji simunanene kale, mlongo wanga? Ngati n'kuthandiza inu, aitaneni abwere nacho chimakinacho."

Anawongola tayi, anapukuta chala pa jekete, nasayina pa tabuleti ndi siginecha yaikulu yopindapinda. Msana wa Mai Tsache unalibe vuto lililonse, ndipo mwina a Tayi ankadziwa zimenezo, koma palibe anaulula.

Mvula yoyamba inagwa patatha milungu itatu. M'mawa mwake Mai Tsache anafika kuseri kwa sitolo ya mankhwala n'kupeza simenti yonse yanyowa, kuchokera kukhoma mpaka kungalande. Anasangalala mpaka misozi inalengeza. Anasesa kamodzi, mosalambalala, napitirira. Koma atafika kumapeto kwa msewu, miyendo inawabweza yokha monga mwa masiku onse.

Pabenchi panali a Tayi, tsitsi louma, kiyi ali pa chingwe m'khosi, pamwamba pa tayi kuti aliyense aone.

"Mwabwereranji, mlongo wanga?" anafunsa. "Kodi msana uja wapola?"